Wokhala yekha pamaso pa malamulo a Mtukula Pakhomo

M'midzi yozungulira dambo la Limphasa, monganso m'boma lonse la Nkhata Bay, palibe amene amakana kuti ndalama za Mtukula Pakhomo zimathandiza. Mkangano umabuka tsiku lowerenga mayina, pamene dzina la gogo wogona yekha m'nyumba, wotunga madzi ndi kachigubu poti ndowa sangaisenze, silimveka, koma la banja loyandikana naye, momwe muli mayi wamphamvu zake, lamveka. Anthu amathamangira kunena kuti a komiti adyapo kanthu kapena a mfumu alembetsa abale awo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri palibe amene waba. Malamulo atsatidwa bwinobwino, ndipo malamulo omwewo ndi amene amusiya gogoyo panja. N'chifukwa chake n'kofunika kuwadziwa, kudziwa komwe adachokera, ndi chimene chimawalepheretsa kumuona munthu wokhala yekha.

Dziko la Malawi lilibe thandizo lapadera la munthu wokhala yekha, ndipo lilibe penshoni ya wokalamba aliyense. Penshoni yomwe ilipo ndi ya anthu amene adagwirapo ntchito yolembedwa, aphunzitsi, apolisi, akalaliki ndi ena otero, ndipo kafukufuku amene bungwe la HelpAge International lidachita pamodzi ndi boma mu 2016 adapeza kuti okalamba olandira penshoni sakwana 5 pa 100 alionse. Mlimi amene wathera moyo wake m'matope a sikimu ya mpunga ya Limphasa, kapena msodzi amene wakalambira pa bwato, sali m'gulu limenelo. Mphamvu zikatha, ndalama ya boma yomwe angaiyembekezere mwezi ndi mwezi ndi ya Mtukula Pakhomo basi. Zina zija, chimanga cha nthawi ya njala, feteleza wotsika mtengo, ntchito zolambula misewu ndi kubzala mitengo, n'zanyengo, ndipo zambiri mwa izo zimafuna munthu wogwira khasu.

Ndondomekoyi idayambira ku Mchinji mu 2006, mothandizidwa ndi UNICEF, ndalama zake zikuchokera ku Global Fund kudzera ku bungwe la National AIDS Commission. Gwero la ndalamazo likutiuza zambiri. Inali nthawi imene Edzi idali itapulula makolo m'midzi, agogo ambiri n'kutsala ndi adzukulu amasiye m'manja. Katswiri amene adatsogolera kukonza malamulo ake, Bernd Schubert wa ku Germany, adali atakonzapo kale ndondomeko yofanana nayo ku Kalomo, kumwera kwa Zambia. Munthu amene okonzawo ankamuona m'maganizo mwawo adali gogo wolera ana opanda bambo ndi mayi. Wokhala yekha sadamuiwale, adamusungira malo, koma muyeso wonse udapangidwa poganizira banja. Pofika 2018 ndondomekoyi idali itafika m'maboma onse 28. Imayendetsedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu kudzera m'makhonsolo, ngakhale ndalama zake zambiri n'zochokera kunja: ku Germany, ku European Union, ku Ireland ndi ku Banki Yaikulu pa Dziko Lonse. Za ku Nkhata Bay zidayamba kubwera kuchokera ku bankiyi kudzera m'gawo lachinayi la MASAF.

Malamulo a kuyenerera amene amatchulidwa m'mapepala ndi awiri, koma ogwira ntchito ndi atatu. Loyamba n'lakuti pakhomopo pasakhale ogwira ntchito okwanira. Munthu wamphamvu, malinga ndi lamuloli, ndi wa zaka zapakati pa 19 ndi 64 amene sakudwala matenda amgonagona ndiponso alibe ulumali womulepheretsa kugwira ntchito. Ena onse, ana osapitirira zaka 18, achikulire a zaka 65 kupita m'tsogolo, odwala ndi aulumali, amawerengedwa kuti ndi odalira ena. Khomo limayenerera ngati palibe wamphamvu ndi mmodzi yemwe, kapena ngati wamphamvu mmodzi akusamalira odalira oposa atatu. Mayi wa zaka 35 wolera ana anayi popanda mwamuna wakwaniritsa lamuloli ngakhale ali wathanzi.

Kwa wokhala yekha masamu a odalirawa alibe ntchito. Funso ndi limodzi: iye mwini ndi wamphamvu kapena ayi? Wa zaka 65 wadutsa, wa zaka 64 watsala. Chodabwitsa n'chakuti ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba ya 2016 imati ukalamba umayambira pa zaka 60. Boma lomwelo limene limamutcha munthu wokalamba pa 60 limamuyesa wamphamvu mpaka 64 ikafika nkhani ya ndalama. Amene adaonapo anthu akuwokera mpunga, atawerama tsiku lonse miyendo ili m'madzi, akudziwa mmene msana wa mayi wa zaka 62 umakhalira. Pa pepala, iye ndi mnyamata wa zaka 25 ndi amodzi.

Zakazo nazonso n'zokayikitsa. Achikulire ambiri a m'midzi sadabadwire kuchipatala, ndipo chaka chomwe chili pa chiphaso chawo cha unzika chidalembedwa pa kalembera wa 2017 mongoyerekeza. Kunyanja kuno zaka amazikumbukira ndi zochitika: wina amati adali akuyamwa pomwe asilikali adawombera anthu pa doko la Nkhata Bay mu Malichi 1959, wina amati adali atatha msinkhu pomwe dziko linkalandira ufulu mu 1964. Wolemba akaphonya ndi zaka zitatu, nambala imeneyo ndiyo imene boma lidzaikhulupirire, ndipo kuikonza kumafuna ulendo wa ku boma, mboni ndi ndalama ya galimoto, zomwe wokhala yekha alibe.

Wosakwana zaka 65 amatsala ndi njira ya matenda kapena ulumali. Wopuwala miyendo ndi wosaona aliyense amawazindikira. Nanga wa khunyu, amene masiku ambiri amayenda bwinobwino koma sangakhale yekha pamoto kapena kukwera bwato? Nanga wodwala maganizo, wa nyamakazi, wa mphumu? Wofunsa mafunsowo si dokotala, ndipo yankho limadalira zimene wofunsidwa wanena. Achikulire athu ambiri sakonda kudandaula kwa mlendo. Ukafunsa kuti, "Agogo, mumalima?" amayankha monyadira kuti, "Ee mwana wanga, ndimalima ndithu," pomwe akunena mizere ingapo ya chinangwa kuseri kwa nyumba.

Lamulo lachiwiri ndi la umphawi wadzaoneni. Ku Mchinji poyamba paja komiti yosankhidwa ndi anthu a m'mudzi ndi imene inkaweruza: pakhomopa amadya kangati patsiku, amapemphetsa kodi, ali ndi chiweto kapena katundu wogulitsika? Njirayi idali ndi ubwino wake, pakuti anansi amadziwa nyumba yomwe siidafuke utsi masiku awiri, koma idabweretsanso madandaulo a kukondera. Boma lidasamukira ku kaundula mmodzi wa mabanja, wodziwika ndi dzina loti UBR, ndipo Nkhata Bay ndi Dedza ndi maboma amene kaundulayu adayesedwako koyamba. Wolemba amafika pakhomo ndi tabuleti m'manja. Amayang'ana denga, ngati ndi la udzu kapena la malata. Khoma, ngati ndi la njerwa zootcha, la zidina kapena lophoma. Pansi, ngati ndi pozira kapena pa simenti. Amafunsa za chimbudzi, za kotunga madzi, za chowunikira usiku, za wailesi, njinga, foni, mbuzi ndi nkhuku, za kalasi yomwe mwini khomo adalekezera. Mayankho amapita ku kompyuta, kompyuta imapereka mapointi, ndipo mabanja amandandalikidwa kuyambira wosaukitsitsa. Mndandandawo umabwerera kumudzi kukawerengedwa pa msonkhano, kenako khonsolo imavomereza.

Cholinga n'chabwino, poti kompyuta ilibe mlamu. Koma kompyutayo siiona njala. Imangoiyerekeza poona zinthu zomwe m'dziko lonse zimayendera limodzi ndi umphawi, ndipo ku Nkhata Bay chimodzi mwa zinthu zimenezo chimanama.

Boma lino lakhala likutumiza amuna ake kunja kwa zaka zoposa 100. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche, mu 1881, Atonga adaphunzira msanga kuwerenga ndi kulemba, ndipo maphunzirowo adapita nawo ku migodi ndi m'matauni a Rhodesia ndi South Africa. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe lalikulu la ogwira ntchito akuda ku Cape Town mu 1919, kwawo kudali ku Chifira, dera lomweli. Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga kuchita kafukufuku m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti amuna oposa theka sadali pamudzi. Wenela, yolemba anthu opita ku migodi, idaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Theba nayo idasiya kulemba anthu mu 1988, koma msewu wa ku Joni sudatsekedwe, ndipo lero okwera mabasi opita ku Beitbridge ndi anyamata ndi atsikana omwe. Zipatso za maulendowo zikuoneka m'mbali mwa msewu wa M5 ndi m'midzi ya kumtunda: nyumba za njerwa zootcha, za malata, zina za mawindo agalasi.

Lowani m'nyumba zina mwa zimenezo. Mupeza mayi wamasiye yekhayekha, akugona m'chipinda chimodzi mwa zinayi, zotsalazo muli mileme. Malatawo adagula ndi mwamuna wake wa ku Theba, kapena mwana amene adatumiza ndalama zaka zoyamba kenako n'kutchona. Dzimbiri ladya misomali, koma malata ndi malata, ndipo pa mapointi amamukweza pamwamba pa mnzake wa denga la udzu amene mwana wake wamkazi amamuphikira tsiku lililonse. Akati agulitse malatawo kuti adye, agona pati m'boma la mvula yambiri ngati lino?

Pa msonkhano wa m'mudzi, pomwe cholakwacho chikadakonzedwa, pamamveka mawu akuti, "Amenewo ali ndi mwana ku Joni." Mawu amenewa aweruza anthu ambiri. Kukhala ndi mwana ku Johannesburg kapena ku Durban sikutanthauza kulandira ndalama. Ambiri mwa anawo alibe mapepala, amagwira maganyu a m'nyumba ndi a m'maluwa, amagwidwa n'kusungidwa ku Lindela, ndipo pa zipolowe zothamangitsa alendo za 2008, 2015 ndi 2019 ena adabwera ndi chikwama chokha. Otumizadi alipo, ndipo makolo awo sayenera kulanda malo a osauka. Koma kalembera wobwera kamodzi pa zaka zingapo sangasiyanitse mwana wotumiza mwezi ndi mwezi ndi mwana amene nambala yake ya foni idasiya kupezeka.

Pali chinanso chobisika m'masamu. Umphawi m'dziko muno umayezedwa powerengera zomwe munthu mmodzi amadya ndi kugwiritsa ntchito, ndipo poyeza chotero mabanja a ana ambiri ndi amene amaoneka osaukitsitsa. Miyeso ya mapointi, kuno ndi kumayiko ena, imatengera zimenezo, mwakuti khomo la munthu mmodzi limayamba kale likuoneka ngati lopezako bwino. Kwa kalaliki wosakwatira wa ku Mzuzu n'zoona. Kwa gogo wa ku Limphasa, kukhala yekhako ndiye gwero la umphawi wake.

Lamulo lachitatu silitchulidwa pakati pa zoyenereza, koma limaweruza kuposa awiri aja. Ndi malire a chiwerengero, amene pachiyambi adaikidwa pa mabanja 10 pa 100 alionse. Nambalayi idachokera ku kafukufuku wa mabanja wa 2004 mpaka 2005, amene adapeza kuti Amalawi 52 pa 100 ndi osauka ndipo 22 ndi osaukitsitsa. Okonza ndondomeko adayerekeza kuti pafupifupi theka la osaukitsitsawo ndi amene alibenso ogwira ntchito. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020 adapeza pafupifupi zomwezo, 50.7 ndi 20.5, anthu atachuluka kwambiri. Pa malire amenewa, chigawo cha midzi cha mabanja 1,000 chimapatsidwa malo 100. Oyenerera akakhala 140, makumi anayi atsala, muyeso atakhoza, kungoti mzere wadulidwa patsogolo pawo. Katswiri wa zachuma Frank Ellis adasonyeza kuti m'midzi ya Malawi, Zambia ndi Ethiopia kusiyana pakati pa wosaukitsitsa ndi wosauka womutsatira n'kochepa zedi, mwakuti ndalama yolandirayo imatha kumukweza wolandira pamwamba pa mnansi amene wasiyidwa. Anthu akamati kuno tonse ndife osauka, ena amaganiza kuti ndi kaduka, koma masamu ali kumbali yawo.

Choncho Mtukula Pakhomo si ufulu woti munthu n'kuulondola. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko limauza boma kulemekeza ndi kuthandiza okalamba ndi anthu aulumali, koma gawoli ndi la mfundo zotsogolera boma, losavuta kulitchula pa msonkhano, lovuta kupita nalo kukhothi.

Funso lomwe ndimaliona lovuta kuposa onse ndi ili: wokhala yekha ndi ndani? Kwa olemba kalembera, khomo ndi anthu okhala pamodzi ndi kudya za mumphika umodzi. M'midzi yathu mphika suyenda motero. Gogo ali ndi kanyumba kake kuseri kwa nyumba ya mwana wake wamwamuna. Masana amadziphikira akapeza chophika. Madzulo mpongozi amatuma mdzukulu ndi kambale ka kondowole ndi usipa, masiku amene mpongoziyo wakondwa. Akalembedwa ngati wa pakhomo pa mwana wake, wasowa, chifukwa pakhomopo pali amphamvu awiri. Akalembedwa payekha, wayenerera. Moyo wake ndi womwewo, chasintha ndi yankho la funso limodzi. Ndipo taonani kumene lamulo likukankhira anthu: banja limene lamutenga gogo kukhala naye m'nyumba lamutayitsa thandizo, limene lamusiya kuseri lamupezetsa.

Anthu si opusa, malamulo amawaphunzira. Kalembera akayandikira makomo amagawikana, ndipo adzukulu amasamukira kwa agogo, poti mwana wa pasukulu amabwera ndi ndalama yowonjezera. Ena amati kumeneku ndi kuba. Ine ndimazengereza kutero, pakuti mwambo wotumiza mdzukulu kukagona kwa agogo, kuwatungira madzi ndi kuwasonkhera moto, ndi wakale kuposa Mtukula Pakhomo, ndipo palibe anganene motsimikiza kuti mwanayo ndi wa khomo liti. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wopambana pamenepa ndi gogo wa abale ochenjera. Amene alidi yekha, wopanda mdzukulu wobwereka, wopanda womuyankhulira pa msonkhano, ndi amene amalembedwa moona, n'kupatsidwa ndalama yochepetsetsa, akapatsidwa n'komwe.

M'gulu limeneli muli amuna amene adabwera kudzagwira ntchito m'minda ya rabala ndi tiyi ya m'boma lino n'kukalambira kuno kutali ndi abale awo. Muli matchona obwerera mutu utayera, akazi ndi ana atawasiya ku Bulawayo kapena ku Kitwe, kumudzi n'kupeza amene ankawadziwa adatha. Mulinso amene mudzi umawaopa. Wokalamba wokhala yekha ndi amene amayamba kulozedwa chala mwana akamwalira mwadzidzidzi. Ku Neno mu Januwale 2016 achikulire anayi adaphedwa mtsikana wina atafa ndi chiphaliwali, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Msonkhano wotsimikiza mayina umakomera munthu wokondedwa. Amene anthu amamunong'ona, palibe adzaimirire kunena kuti mwamuiwala.

Tinene kuti gogo wadutsa zonsezi. Alandira zingati? Ndalama imakwera ndi kukula kwa banja. Mu 2006 khomo la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la awiri K1,000, la atatu K1,400, la anayi kapena kuposerapo K1,800, kuwonjezapo K200 pa mwana wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Mu 2015 zidafika pa K1,700 kwa mmodzi ndi K3,700 kwa banja la anayi. Zakhala zikukwezedwa kangapo chiyambire pamenepo, koma kagawidwe kake ndi komweko, ndipo kukwezako kumabwera m'mbuyo mwa mitengo. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo sopo ndi mchere sizidadikire kuti unduna ukhale pansi.

Woikira kumbuyo ndondomekoyi anganene, ndipo sakunama, kuti pogawa pa mutu uliwonse wokhala yekha ndi amene amapeza zambiri: K600 yonse ndi yake, pomwe a m'banja la anayi aja ndi K450 aliyense. Koma pali ntchito zomwe sizichepa chifukwa choti wodya ndi mmodzi. Tengani kondowole yemweyo. Chinangwa chiyenera kukumbidwa, kusendedwa, kusenzedwa kupita kokaviika, kukhala m'madzi masiku angapo mpaka chifewe ndi kuchoka ululu, kuvuulidwa, kuyanikidwa pa thandala wina akuingitsa nkhuku ndi mbuzi, kenako kusinjidwa mumtondo ndi kusefedwa. Kuvundula kwake mumphika nako kumafuna dzanja lolimba kuposa nsima ya chimanga. Pakhomo pa anthu anayi, ngakhale atatu akhale ana, ntchito imeneyi imagawika mwaulere. Wokhala yekha amalipira paliponse, kaya ndi ndalama kaya ndi gawo la ufawo. Madzi, nkhuni, kumweta udzu ndi kufolera nyumba mvula ya kuno isanayambe, n'chimodzimodzi. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo kwa iye mwambiwu umathera pa ndalama ya aganyu. Ndalama yake imayamba yagula manja a anthu, chakudya pambuyo.

Kulandira nakonso kuli ndi mtengo wake. Kale ndalama zinkabwera pa galimoto miyezi iwiri iliyonse, anthu n'kufola pa sukulu kapena pa bwalo. Tsopano m'madera ambiri zimadzera pa foni kapena ku banki. Kwa wachinyamata ndi mpumulo. Kwa gogo wosaona bwino, wosadziwa kuwerenga, nambala yachinsinsi imakathera kwa mwana wa mnansi, kwa wakabaza kapena kwa ejenti. Malamulo amalola kulembetsa womulandirira, koma munthu wokhulupirika wotero ndi amene wokhala yekha akumusowa kale.

Sindikunena kuti ndondomekoyi ndi yachabe. Ofufuza a ku Boston University adatsatira mabanja a ku Mchinji mu 2007 ndi 2008, ndipo a ku University of North Carolina pamodzi ndi a Centre for Social Research ku Zomba adachita chimodzimodzi ku Salima ndi Mangochi kuyambira 2013 mpaka 2015. Onse adapeza kuti olandira adayamba kudya kangapo patsiku, ankagula nkhuku, mbuzi ndi makasu, ndipo ana ankakhala pasukulu. Ndalamayo imagwira ntchito ikafika. Chovuta ndi kasankhidwe.

Mayiko ena adasankha kufunsa zaka basi, popanda kuyeza umphawi. Lesotho idayamba kupereka penshoni kwa achikulire a zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004, Zanzibar mu 2016, Kenya mu 2018, ndipo Zambia idayesapo njira yomweyi ku Katete, kwa Achewa anzathu. South Africa imapereka kuyambira pa zaka 60 koma imayang'ana chuma cha munthu, ndipo Mmalawi wopanda mapepala okhazikika sailawa. Kuno nkhaniyi si yachilendo. Bungwe la MANEPO, loimira mabungwe a okalamba, lakhala likuikankha kwa zaka zambiri. Mgwirizano wa Tonse udalonjeza K15,000 pamwezi kwa achikulire pa kampeni ya 2020, lonjezo lomwe silidafike m'chitenje cha gogo wa ku Limphasa, ndipo mu 2024 dziko lidapeza lamulo la okalamba komanso lamulo latsopano la anthu aulumali. Chotchinga ndi ndalama. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, a zaka 65 kupita m'tsogolo ali pafupifupi 4 pa 100 alionse. Kuwapatsa onsewo K15,000 pamwezi kukadafuna pafupifupi K120 biliyoni pachaka, pomwe pa maboma 28 a Mtukula Pakhomo, thumba la dziko lakhala likulipirira limodzi lokha, la Thyolo. Lesotho, Zanzibar ndi Kenya adayambira pa zaka 70 pa chifukwa chomwechi, ndipo ifenso tikhoza kuyambira pamwamba n'kumatsika.

Wina angaganize kuti yankho ndi kuika lamulo lapadera loti wokhala yekha azilandira, kapena azilandira zambiri. Ine sindikugwirizana nazo. Lamulo lotero lingalipire anthu posiya makolo awo: mabanja angamange tinyumba tambiri kuseri, komiti n'kusanduka apolisi ofufuza kuti kambale ka madzulo kachokera kuti. Chomwe chingathandize wokhala yekha ndi ndalama yotsata munthu, ya zaka zake kapena ulumali wake, yosafunsa kuti amadya ndi yani kapena denga lake ndi lotani. Ndalama yotero gogo amapita nayo kulikonse. Akasamukira kwa mwana wake saitaya, ndipo amalowa m'nyumbamo ali ndi kake m'manja, zomwe zimasintha ngakhale nkhope ya mpongozi. Inde, mwini sitolo wokalamba angalandire nawo. Otere ndi ochepa, ndipo kuwalipira n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kuwasaka, komwe lero kukupweteka amasiye a m'nyumba za malata. Mtukula Pakhomo ingatsale pa ntchito yomwe imaidziwa bwino, ya mabanja a ana ambiri. Wa khunyu uja adzafunabe kuyezedwa, koma kuyeza ulumali ndi ntchito ya achipatala ndi a zachisamaliro cha anthu, yosatheka pa tabuleti munthu ataima pakhonde.

Podikira zimenezo pali zokonza zosafuna mabiliyoni. Zaka 65 zikhoza kutsitsidwa kuti zigwirizane ndi 60 za m'ndondomeko ya okalamba. Mapointi a denga asamapose umboni wa anansi pamene m'nyumbamo mulibe wogwira ntchito. Koma chachikulu ndi nthawi. Kusankha kumachitika kamodzi pa zaka pafupifupi zinayi, nthawi zina kupitirira, pomwe kutsala wekha kumabwera tsiku limodzi: mwamuna wamira panyanja ndi mwera, mwana womaliza wakwera basi ya ku Joni, sitiroko yagwira dzanja lamanja. Amene zamugwera kalembera atangodutsa ali m'kaundula ngati wa pakhomo pa anthu amphamvu, ndipo adzakhala choncho mpaka olemba adzabwerenso. Njira yodandaulira ilipo, kudzera ku komiti ya m'dera ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku boma, ndipo wosiyidwa ayenera kuigwiritsa ntchito, kapena a mpingo ndi a mfumu amuyendere ngati miyendo siikulola. Koma komitiyo ilibe mphamvu yowonjezera malo pa 100 aja. Imatha kungosunga dzina pa mndandanda wodikira, ndipo malo amatseguka khomo lina likasamuka m'deralo kapena mwini wake akamwalira popanda wotsala.